Za mluza, asayansi asamagamule okha

Anthu ambiri funso loti moyo wa munthu umayamba liti amangoliponyera madokotala, ngati kuti yankho likuoneka pa maikulosikopu. Ine sindigwirizana nazo. Dokotala angatifotokozere bwino zomwe zimachitika: umuna ukakumana ndi dzira pamapangika selo limodzi lokhala ndi chibadwa chakechake, pakatha pafupifupi sabata mluzawo umayamba kukhazikika m'chiberekero, ndipo miluza yambiri imatayika mayi asanadziwe n'komwe kuti anaima. Koma kuti kanthu kameneka n'kolemera bwanji pamaso pathu, sayansi ilibe sikelo yake.

Louise Brown atabadwa ku Oldham ku Britain mu 1978, mwana woyamba wa njira ya IVF (yokumanitsa umuna ndi dzira mu labotale kenako n'kuika mluzawo m'chiberekero), boma la Britain linaika komiti yoti iunike nkhaniyi, ndipo anaitsogolera Mary Warnock, yemwe sanali dokotala koma katswiri wa filosofi. Mu 1984 komitiyo inati kafukufuku pa mluza asapitirire masiku 14. Chifukwa chake chimandigwira mtima. Masiku amenewa asanakwane, mluza umodzi ungagawike n'kukhala mapasa. Akakwana, pamaoneka kamzere komwe thupi limayambira kuumbika, mutu uku, msana uku. A komitiyo sananene kuti apeza tsiku limene munthu amayamba. Anangoika malire omwe anthu osiyana zikhulupiriro akanatha kuwalemekeza.

Ndipo timasiyanadi. Akatolika amati moyo uyenera kutetezedwa kuyambira pomwe dzira lakumana ndi umuna. Akatswiri ambiri a Chisilamu amati mzimu umalowa pa masiku 120. Mabuku akale a Chiyuda amatchula masiku 40.

N'chifukwa chake zinandipweteka mu 2021 pamene bungwe la ISSCR, la asayansi ofufuza za maselo, linafewetsa lamulo la masiku 14 m'malangizo ake. Zinafewa pa nthawi yomwe luso lolera mluza mu labotale linali litafika pa malirewo. Wofuna kuwoloka malire asakhale yemwenso akuwasuntha, abale anga.

Mbali inayo nayo imandidetsa nkhawa. Mu Febuluwale 2024 khoti lalikulu la chigawo cha Alabama ku America linagamula kuti miluza youmitsidwa mufiriji ndi ana pamaso pa lamulo. Zipatala zina zinaimitsa IVF nthawi yomweyo. Taganizirani mayi amene wadzibaya jakisoni pamimba tsiku ndi tsiku, wadikira mwana zaka zambiri, kenako akumuimbira foni kuti asabwere. Chigamulo chofuna kuteteza ana chinatsekereza anthu omwe ankalirira ana.

Kwa ine, mluza si katundu woti aliyense azichita nawo zomwe wafuna, komanso sindingaufananitse ndi khanda lomwe likuyamwa. Ngati malire a masiku 14 akuyenera kusuntha, nkhaniyo ipite kunyumba za malamulo, ikambidwe poyera, ndipo makolo omwe ali ndi miluza mufiriji apatsidwe mpata wolankhula.