Dothi la pa tipa musamatinamize kuti ndi nthaka

Ndakwiya, ndipo amene ndikumunenayo akudzidziwa. Dzina sinditchula, koma uthengawu umupeza.

Loweruka m'mamawa mlongo wanga anandiimbira foni akulira, akuti alongo bwerani mudzaone nokha. Ndinapita. Nyumba yake ya zipinda zitatu, imene waimanga ndi ndalama za salaula wa pa msika wa Kapata kuno ku Chipata, kusunga pang'onopang'ono kwa zaka 4, yang'aluka kuyambira pakona ya windo mpaka pamaziko. Zala zanga zinayi zinalowa mumng'alumo osakhula khoma. Ukakhala pabalaza ukumuona wodutsa panja. Chitseko cha kuchipinda chakana kutsekeka, pansi pakhitchini papendekeka moti madzi akatayika akuthamangira kukona imodzi. Nyumbayi dzinja lake ndi lachiwiri lokha ili.

Tinatenga piki ndi fosholo, ine ndi muphwa wanga, n'kukumba m'mbali mwa maziko. Pamwamba katondo wofiira bwino, wosalala, uja anamukopa mlongo wanga tsiku logula puloti. Katondoyo anatha tisanafike ndi m'bondo momwe. Pansi pake zibuma za makande zakuda, zina zazikulu ngati mutu wa munthu, zongosanjikizana, pakati pake mphako zoti mbewa n'kumangamo banja. Kenako zidutswa za njerwa, mabuloko osweka, phula wakale wa mumsewu, mapaketi a chibuku, patapata mmodzi wa mwana. Titafika m'chiuno tinapeza udzu wowola, wakuda, wonunkha ngati m'khola, ndipo madzi anayamba kutuluka okha n'kudzaza dzenje. Dambo lija lilipobe, anangolifunditsa bulangete.

Ndiye anabwera mwini kugulitsa pulotiyo, makiyi a galimoto akuzunguza pachala. Anasuzumira m'dzenjemo, n'kuyang'ana khoma, n'kunena kuti, amayi, nthaka ndi nthaka, mmisiri wanu ndiye anakuberani simenti.

Nthaka ndi nthaka? Bambo inu, nthaka ndi nthaka? Zimene munathira usiku ndi matipa zija mukuti nthaka? Ndi dothi lothira limenelo. Dothi lothira si nthaka, ndi katundu wochokera kwina, wotayidwa pamalo pamene sanabadwire. Nthaka ndi ija inakhazikika yokha kuchokera kalekale, mvula ikuimenya, mizu ikuilowa, chiswe chikuitembenuza, mpaka chilichonse chinapeza malo ake. Zanuzi zinabwera dzana pamsana pa lole. Mukhoza kuzisalaza ndi giredala, mukhoza kuwaza katondo pamwamba kuti zione kufiira, mukhoza kukhomapo zikhomo ndi kulemba nambala ya puloti, koma sizisanduka nthaka chifukwa choti inuyo mwatero. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Muphwa wangayo anaphunzira za nthaka ku UNZA, yunivesite ya Zambia, ndipo ali m'dzenjemo, matope mpaka m'mawondo, anandiuza zimene zinandiwonjezera mkwiyo. Akuti akatswiri a nthaka padziko lonse analeka kalekale kunamizira kuti dothi lotere ndi lofanana ndi linzake. Mu 2006 m'ndondomeko ya dziko lonse yogawira mitundu ya nthaka, imene amaitcha WRB, anaikamo gulu lakelake lotchedwa Technosols. Ukakumba mita imodzi n'kupeza kuti magawo 20 pa 100 alionse ndi zinthu zopangidwa ndi anthu, njerwa, magalasi, mapulasitiki, konkire, basi dothilo lalowa m'gulu limenelo. Ngati zinyalalazo n'zochepa koma dothi linachita kubwera nalo munthu kuchokera kwina n'kufika masentimita 20 kuchindikala, amaliphatikabe liwu lakuti Transportic. A ku America nawonso mu 2014 anaika mayina a dothi lotutidwa ndi anthu m'ndondomeko yawo, ndipo polemba amaika kachizindikiro kooneka ngati denga la nyumba, aka ^, kutsogolo kwa gawo lililonse lothira, kuti wowerenga adziwe msanga kuti apa panadutsa tipa. Anthu ophunzira akuvutika kulipatsa dzina lakelake kuti wina asasokoneze, inu mukuimirira pamaso pa mayi wamasiye n'kumati nthaka ndi nthaka.

Komanso sizifuna digiri izi. Agogo athu sanapite ku UNZA koma ankadziwa kuti katondo ndi wina, makande ndi ena, mchenga ndi wina, dongo loumbira miphika ndi lina, mtsiro wozirira nyumba ndi wina. Palibe mayi wa kumudzi amene angaumbe mphika ndi dothi lililonse limene wapeza panjira. Makande aliyense amawadziwa. Pitani kuchigwa cha Luangwa mu Okutobala mukaone mmene amang'ambikira, ming'alu yoti mwanapiye akagweramo satuluka. Mvula ikagwa amamwa madzi, n'kufufuma, ming'alu ija n'kutsekeka, ndiye amamata kumapazi mpaka nsapato kutsalira. Chilimwe akhwinyata, dzinja afufuma, chaka ndi chaka. Akatswiri amawatcha Vertisols, ndipo akuti dongo lake limayambira magawo 30 pa 100 kupita m'mwamba, la mtundu womwa madzi n'kutupa. Katondo nayenso ali ndi dongo, koma lake silitupa choncho, n'chifukwa chake timaumbira njerwa n'kumangapo nyumba osadandaula. Tsono inu mwatenga makande a uku, katondo wa uko, zigumu za nyumba yogwetsedwa kwina, mwakhuthula mulu uwu apa, mulu uwo apo. Kona imodzi ya nyumba yakhala pa makande, ina pa njerwa zosweka, ina pa udzu wowola. Mvula ikabwera kona iyi ikukwera, inayo ikutitimira. Khoma lingapirire bwanji? Simenti yake iti imene ingagwire nyumba yokhala pa zinthu zitatu zoyenda mosiyana?

Mmisiri ndiye mukumunamizira kuba. Mmisiriyo ali ndi mlandu wake, inde, ndamuuza pamaso, chifukwa pokumba maziko anaona makande ndi mapulasitiki koma anangoti zii kuopa kuti ntchito imuthawa. Koma simenti sanabe. Matumba ndinkawerenga ndine.

Kuthira dothi si tchimo. Amene tinaona mmene ankakonzera msewu wa Great East kuchokera pa mlatho wa Luangwa kudzafika ku Mwami tikudziwa mmene anthu odziwa ntchito amathirira. Amayamba apala dothi lapamwamba ndi udzu wake wonse n'kulichotsa. Amasankha galavo, osati chilichonse. Amathira pang'ono, mwina masentimita 15, galimoto ya madzi n'kuwaza, chigayo chopondera chija n'kudutsa kangapo, kenako n'kuyeza ngati palimba, ndiye n'kuthiranso ena. Pang'onopang'ono choncho mpaka kufika pamene akufuna. Ndipo womanga nyumba pamalo othira, maziko ake amayenera kuboola dothi lothiralo mpaka kukaponda nthaka yeniyeni pansi, apo ayi pamafunika maziko apadera ojambulidwa ndi injiniya. Zonsezi ndi ndalama, ndipo mlongo wanga akanauzidwa akanawerengera yekha, kapena akanausiya pulotiwo. Koma inu munakhuthula mita yathunthu tsiku limodzi, pamwamba pa udzu wamoyo, tipa n'kupondapo kawiri pobwerera m'mbuyo, mwati talimbitsa. Munabisa. Mawu ake ndi amenewo, munabisa.

Ndikudziwa kuti Chipata ali pakati pa mapiri, ndipo chikhalireni mzinda mu 2017 anthu achuluka, malo ouma atha, otsala ndi madambo. Chabwino. Koma kuchepa kwa malo si chilolezo chogulitsa dambo ngati mtunda.

Ndiye si khoma lokha. Dothi lothirali limazunza munthu mbali zonse. Pamene matayala a tipa anapondaponda, dongolo linagwirana ngati konkire, madzi salowa, amangoima pabwalo masiku atatu, udzudzu n'kumaswana pakhomo penipeni. Pamene sanaponde, pali mphako zija, madzi amalowa ngati m'sefa n'kukakhala pansi pa nyumba. Bwalo limodzi, uku thope, uku dzenje. Mlongo wanga anadzala repu kuseri, masamba ake achikasu, osakula. Muphwa akuti zigumu za simenti zimasintha dothi kukhala ngati lothiridwa laimu wambiri, mbewu zina n'kulephera kudya chakudya chimene chilimo. Mtengo wa mango anadzala chaka chatha ukadali msinkhu womwe uja, mizu yagunda phula. Chimbudzi ndiye musanene. Febuluwale asanafike chadzaza madzi mpaka pakamwa, ana akusewera pomwepo. Madzi saiwala khwawa, abale. Dambo mukhoza kulikwirira koma madzi ake amadziwa kwawo.

Ndipo inu ogula, inenso ndili momwemo chifukwa ndinaperekeza mlongo wanga tsiku limenelo, tinapusa. Tinapita mu Ogasiti, kouma, fumbi lokhalokha, tinaona kufiira ndi kusalala basi tasangalala. Sitinafunse agogo a nyumba yoyandikana, amene Loweruka lomwelo anatiuza akuseka kuti pamenepa ankatchera nkhanu ndi kumweta tsekera. Sitinakumbe ngakhale kadzenje kamodzi. Mbuzi ya K800 timaigwira m'mimba, kuiyang'ana mano, kuiyendetsa kuti tione ngati ikutsimphina, koma puloti ya ndalama za moyo wonse timangoiona ndi maso tili chiimire. Kukumba dzenje lofika m'chiuno ndi ntchito ya mnyamata mmodzi m'mawa umodzi. Kutenga dothi lonyowa n'kulifinya pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, likatuluka kansalu kataliatali osaduka, wadziwa kuti dongo ndi lochuluka. Zaulere zimenezi. Koma ngakhale tinapusa, kupusa kwa wogula sikuyeretsa wogulitsa. Iye ankadziwa chimene chili pansi, matipa analipira ndi iyeyo.

Pochoka anati, pepani amayi, tidzaona. Pepani sapoletsa chilonda, bambo. Bwererani mudzayang'anenso m'dzenje muja, sitinakwirire dala, patapata uja tamupachika pa kamtengo kuti aliyense wodutsa aone nthaka yanuyo.

Ndipo poti ndayamba kale, inu a matipa, ndani anakuuzani kuti ngalande ndi kotayira dothi? Usiku uliwonse phokoso, m'mawa tikadzuka mulu wa makande watseka ngalande, madzi onse ochokera kuphiri amene amayenera kutsikira ku mtsinje wa Lunkhwakwa akukhotera m'nyumba za anthu. Msewu wa kwathu mwaukumba ndi matayala anu mpaka njinga zakabaza zikukana kulowa, odwala tikuwanyamula pamsana kukafika pa tala. Dzulo lomweli mwathiranso mulu wina pafupi ndi mpope.