Gitala yoopa kukwera nayo takisi

Loweruka lapitali ndinaperekeza mnzanga amene timaimba naye kutchalitchi ku Rosettenville kusitolo ina ya zida zoimbira cha ku Randburg. Iye amaimba gitala ya lidi, yotsogolera nyimbo, ine ya rizimu, yoperekeza. Kwa miyezi itatu tsopano nkhani yake yakhala imodzi: gitala yamagetsi yopangidwa ku America, imene akuti anapanga 300 zokha padziko lonse. Kuseri kwa mutu wake analemba nambala ndi dzanja, ndipo m'kesi muli setifiketi. Mtengo wake R68,000.

Ndinaigwira nanenso, ndipo sindinama, ndi gitala yabwino. Khosi lake limakhala m'dzanja ngati analisemera iweyo, m'mbali mwa mafureti (tizitsulo topingasa pakhosipo) mosalala, chala chimangotsetsereka. Ukakoka nsambo, mawu amakhalitsa osafulumira kuzima. Mnzanga anatsinzina akuliza, ndipo ndinamumvetsa.

Kenako ndinapempha wogulitsayo atitsitsire ina ya kampani yomweyo, ya masiku onse, imene mtengo wake sunkafika ngakhale theka. Tinazilumikiza pa ampu (chokuzira mawu) imodzi, mnzangayo natembenukira kukhoma, ine ndikuliza mosinthanasinthana kuti anene imene ikulira. Maulendo asanu, analondola kawiri. Anati, “Achimwene, kusiyana kulipo, kungoti m'sitolo muno muli phokoso.” Mwina kulipodi. Koma ngati khutu la mwini wake likuvutika kukupeza ali pafupi chonchi, mayi wokhala benchi lakumbuyo, ng'oma ndi kiyibodi zikulira, adzakumva bwanji?

Maganizo anga ndi akuti ndalama zoonjezerazo sukulipira mawu. Ukulipira utoto umene ena alibe, nambala ija ndi pepala. Anthu amakonda kutchula Gibson Les Paul za pakati pa 1958 ndi 1960, zimene lero zimagulidwa ndi ndalama zoti ungamangire nyumba zingapo. Koma zimene zija zinachepa chifukwa panthawiyo sizinkayenda malonda, mpaka kampani inasintha kapangidwe mu 1961. Zinadzakwera mtengo pambuyo pake, oimba ngati Eric Clapton atazitchukitsa. Palibe amene anakhala pansi nkupangana kuti zikhale zochepa. Zamasiku anozi amachepetsa dala, ndipo chaka chamawa kudzatuluka ina yochepanso, ya mtundu wina.

Mnzanga akuti ndi njira yosungira ndalama, tsiku lina adzaigulitsa mopindula. Apa mpamene ndikutsutsana naye kwambiri. Pamtengo wa m'sitolo muja muli VAT ya 15 peresenti, ndalama zonyamulira kuchokera kutsidya la nyanja, ndi phindu la wogulitsa, zonsezo kuwerengera dola imene randi imaigonjera. Ukangotuluka nayo pakhomo, zimenezo zapita. Ndipo wodzagula ali kuti? Kuno anthu otulutsa ndalama zotere pa gitala yogwiritsidwapo ntchito ndi owerengeka, ndipo amafuna yopanda ndi kachipsera komwe. Kumudzi ndiye musanene, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ndiye taganizani moyo wa gitala imeneyo m'manja mwathu. Ife timakwera takisi, kutsika ku Noord, kuyenda wapansi pakati pa tauni kesi ili kumsana. Timaimba maukwati m'maholo momwe ana amathamanga pakati pa mawaya. Timakhala m'chipinda chalendi chogawana ndi anzathu. M'nyengo yozizira mpweya wa ku Joni umauma kwambiri moti thabwa la khosi limanyala, nsonga za mafureti nkuyamba kukanda zala, ndipo mpweyawo susankha kuti iyi ndi ya nambala. Ndinamufunsa mnzanga ngati angapite nayo ku ukwati wa ku Turffontein mwezi wamawa. Anakhala chete pang'ono, kenako anati kumeneko adzatenga yakale ija. Ndiye kuti R68,000 izikhala pansi pa bedi, ntchito izigwira gitala yake yotchipa ya Squier, ya nsambo zadzimbiri.

Zimandiwawa chifukwa mnyamatayu ali ndi dzanja. Anaphunzirira pa gitala ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga, monga ambirife. Amayenera chida chabwino, ndipo sindikumuuza kuti azingokhalira zotchipa. Woimba gitala Erik Paliani anachoka kwathu ku Malawi nkudzagwira ntchito kuno ndi Hugh Masekela, ndipo chimene timamukumbukira nacho ndi kalizidwe kake. Sindinamvepo munthu akufunsa nambala ya gitala yake.

Chimene chikumupha mnzanga pa siteji ndi ampu. Ndi kakang'ono kophunzirira m'nyumba, ukakakweza kamalira ngati wailesi yotha mabatire. Ndi ndalama zomwezo angagule gitala yachiwiri ija, ampu yamphamvu, kesi yolimba, nkupita nayo kwa mmisiri kuti akonze kutalika kwa nsambo ndi kuwongola khosi, zotsala nkutumiza ku Balaka kumene mlongo wake akudikira fizi.

Wogulitsayo anati angathe kumusungira mpaka kumapeto kwa mwezi akapereka dipoziti. Mnzanga sanaperekebe. Dzulo usiku wanditumizira chithunzi china cha gitala ija pa WhatsApp, ine ndamubwezera cha ampu, ndipo tagwirizana kuti Loweruka tibwererenso, ulendo uno titanyamula Squier yake kuti tikaiyese pa ampu yabwino ayambe wamva mmene imalirira.