Masapota inu, zomwe mukuchita pa foni zanyanya

Lamlungu lapitali ndili pa khonde, mdzukulu wanga wa zaka 13 anabwera atagwira foni ya amayi ake, nkhope itagwa. "Agogo, taonani izi." Ndinavala magalasi. Linali gulu la WhatsApp la ochemerera mpira, lomwe msuweni wake anamulowetsamo kuti azimva zigoli. Timu inali itagonja masana omwewo, ndiye wina anatenga chithunzi cha mkazi wa goloboyi, kudula nkhope, n'kuimata pa thupi la munthu wamaliseche. M'munsi mwake analembamo nambala ya mayiyo ndi dera lomwe amakhala. Ndinatsika ndi chala mpaka pansi kufuna munthu mmodzi yekha wonena kuti "fufutani izi". Panalibe. Tinkhope toseka tokhatokha, kuchokera kwa azibambo a ndevu zawo, ena ndimakumana nawo ku tchalitchi.

Mtima wanga sunakhazikike mpaka lero.

Kodi mayi ameneyu ndiye anali pa golo? Anakulakwirani chiyani? Mawa akapita ku msika, ana ake akapita ku sukulu, mwaganizapo kuti akayenda bwanji? Ndipo inu amene munatumiza chithunzicho ku magulu ena, mukuti simunapange ndinu, ndiye manja anu ndi oyera? Wosenza katundu wakuba naye ndi wakuba.

Musandiuze kuti ndi macheza a mpira. Macheza a mpira timawadziwa ife. Masapota a Bullets ndi Wanderers, Maule ndi Manoma, tanyozana kuyambira kale pa Kamuzu Stadium, kuimbirana nyimbo, kusekana mpaka wogonja kuzemba njira yodutsa pa golosale. Koma mpira ukatha tinkakwera basi imodzi, ndipo mnzako wa timu ina akaferedwa unkapita kukagona pa siwa. Palibe ankatchula mkazi wa mwini. Palibe ankaseka maliro.

Inu maliro mwawasandutsa choseweretsa. Diogo Jota wa Liverpool atamwalira pa ngozi ya galimoto ku Spain mu July 2025, pamodzi ndi mng'ono wake, patangopita masiku 11 chikwatirireni, kusiya ana atatu, ena mwa inu tsiku lomwelo munali kale pa Facebook kupanga nthabwala. Chifukwa chakuti mumachemerera timu ina? Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale, yemwe ku England sanapondeko, n'kumatukwana masapota a Liverpool 97 amene anafa chifukwa cha ngozi ya pa bwalo la mpira la Hillsborough mu 1989, mnzake n'kumabwezera ndi ndege ya Manchester United yomwe inagwa ku Munich mu 1958. Mwatengera kuti mwano wotere? Ife tomwe pano tinalira pa 6 July 2017, anthu 8, ambiri a iwo ana, atapondedwa pa chipata cha Bingu National Stadium akulimbirana kulowa kuti akaonere mpira. Mlendo atabwera kudzaseka ana amenewo pamaso pa makolo awo, mungamusiye? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

China chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti mumatola chipongwe cha eni ake n'kumadzipaka nokha. Saka, Rashford ndi Sancho, osewera a England, ataphonya mapenate pa fainolo ya England ndi Italy mu 2021, anatukwanidwa pa intaneti chifukwa cha khungu lawo lakuda. Lero wosewera wakuda akalakwitsa, ndimaona Mmalawi akuika chithunzi cha nyani. Khungu lanu ndi lotani inuyo?

Nanga zolaula zomwe zimangogwera m'gulu pakati pa usiku? Nanga mavidiyo a woyimbira mpira akumenyedwa, magazi ali chuchuchu, inu n'kumati "amuonjezere"? Nanga atsikana osewera mpira, amene m'malo moyamikira luso lawo mumakambirana matupi awo, ena a iwo asanakwane n'komwe zaka 18? M'magulu amenewa muli ana. Foni zambiri m'nyumba zathu n'zobwerekana: m'mawa ili ndi mayi, madzulo ili ndi mwana wa Sitandade 7. Chomwe mwana waona sichifufutika m'mutu, ndipo akaona akuluakulu akuseka amadziwa kuti n'chololedwa.

Ma admin, ndafika kwa inu. Munthu akachedwa kusonkha ndalama ya jezi kapena ya basi mumamutulutsa tsiku lomwelo. Koma woika maliseche a mkazi wa mwini mumamusiya, ati ndiye amasangalatsa gulu. Gulu munalitsegula ndinu, batani lochotsera munthu lili m'manja mwanu. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kuzunza anthu pa intaneti ndi kufalitsa zolaula za ana. Apolisi akadzagogoda, anzanu oseka aja adzatuluka m'gulu mmodzimmodzi, mudzatsala nokha ndi foni yanu.

Mdzukulu wanga ndamutulutsamo, ndipo msuweni wake ndamukhazika pansi. Amene munaika chithunzi chija mukudzidziwa. Chifufuteni lero, mukapepese kwa mayi uja pamaso pa mwamuna wake. Mwakula, chitani manyazi.