Ana inu, Urus si chidole

Ana anga ndawalangiza kale kunyumba. Lero ndikulankhula ndi inu anyamata a kuno ku Joni amene mabwana anu amakupatsani makiyi a galimoto zawo, komanso inu ochepa amene Mulungu wakudalitsani mwagula zanuzanu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye musanyansidwe nane.

Sabata yatha m'mamawa ndinaima pa maloboti ena ku Sandton. Pambali panga panaima Lamborghini Urus yachikasu, kumbuyo kuli kamwana pa kampando kake, botolo la mkaka lili kukamwa. Maloboti atangotilola, mnyamata woyendetsayo anaponda moto, chigalimoto chinabangula, n'kuzimiririka. Chapatsogolo mayi wina wovala yunifolomu ya ntchito zam'nyumba anali ataponda kale phazi limodzi mumsewu. Anadzigwetsa chagada, chikwama chake n'kugwera m'ngalande, buledi ndi mpunga wa nkhomaliro zili mbwee. Ine manja anangoti zii pachiwongolero mpaka wam'mbuyo anachita kundiimbira hutala.

Kale galimoto yothamanga inkadziwika ndi maso. Inali yaifupi, yokwawa pansi, ya mipando iwiri, yovuta kulowamo, ndipo mwiniwake ankaitulutsa mwa apo ndi apo. Zinthu zinatembenuka mu 2002 pamene Porsche inatulutsa Cayenne, chigalimoto chachikulu chotukuka cha mtundu umene amati SUV, koma chothamanga. Okonda galimoto za mpikisano ananyinyirika, koma Cayenne inayenda malonda, ndipo anzawo anaona. Bentley inabweretsa Bentayga mu 2015, Lamborghini inaonetsa Urus kumapeto kwa 2017, Aston Martin inadza ndi DBX, ndipo Ferrari, imene inakana kwa zaka zambiri, inatulutsa Purosangue mu 2022, ngakhale imakanabe kuti imeneyo si SUV. Chinawakopa n'chiyani? Ndalama basi. Lamborghini inagulitsa galimoto 3,815 mu 2017, koma pofika 2019, Urus italowa pamsika, inagulitsa 8,205.

Malonda awo sindiwaletsa, fakitale ya Lamborghini ya ku Sant'Agata Bolognese ku Italy imadyetsa mabanja ambiri. Chondiwawa n'chakuti atenga liwiro la pabwalo la mpikisano n'kulilowetsa m'galimoto yotengera ana kusukulu. Mvuu aipatsa miyendo ya nyalugwe. Urus ya mtundu woyamba imalemera pafupifupi makilogalamu 2,200, injini yake ndi ya mahosipawa 650, imachoka poima kufika makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.6, ndipo imatha kufika 305. Chonsecho lamulo la kuno limati 60 m'tauni, 120 pa msewu waukulu wa N1. Nanga liwiro lotsalalo mukufuna mukalithere pa yani?

Mumati mabuleki ake ndi amphamvu. Inde ndi amphamvu, koma chogwira tala ndi matayala anayi okha, lililonse pamalo aang'ono ngati chikhatho. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti galimoto iime umawirikiza kanayi, ndipo zimenezi sizisintha chifukwa mwalipira mamiliyoni. Chinanso chimene simuchiganizira ndi msinkhu wake. Galimoto yaifupi imagunda munthu m'miyendo, ndipo nthawi zina amapulumuka ndi ndodo. Yaitali imamufika pachifuwa, mwana imamupeza kumutu, ndipo mwana woima pafupi ndi boneti yotukuka mwina simumuona n'komwe. Mkatimo muli zii, mwakhala pamwamba ngati mfumu, mpando wofewa, nyimbo zikulira. 140 imamveka ngati mukuyenda 80. M'galimoto yokwawa pansi ija, msana umakuuza kuti wathamanga. Umu palibe chokuuza.

Tsono taganizani amene amayenda pansi m'mbali mwa misewu imeneyi dzuwa lisanatuluke. Ndi alongo anu opita kukachapa, amalume anu osamalira maluwa, alonda oweruka ntchito ya usiku maso ali psuu ndi tulo. Ambiri ndi athu. Ine ndasonkhapo nawo ndalama zotumiza bokosi kudutsa Beitbridge ndi Tete mpaka kukafika kumudzi, ndipo ndikudziwa kulira kwa mayi amene ankadikira katundu wa Khirisimasi n'kulandira maliro. Sindifuna kudzasonkhanso chifukwa cha mwana wathu yemwe amafuna kujambula kavidiyo ka pa TikTok dzanja limodzi lili pafoni.

Ngati magazi akukutenthani, bwalo la mpikisano wa galimoto la Kyalami lili pompano ku Midrand, kulibe woyenda pansi. Lipirani, valani chisoti, kathamangeni kumeneko. Inu oyendetsera mabwana, abwana akati ponda, ayankheni mwaulemu kuti ayi, chifukwa tsiku la ngozi wokaima pamaso pa woweruza ndi amene anagwira chiwongolero.

Ndipo iwe mwana wanga wa Urus yachikasu, ngati uwerenga izi: mayi uja anatola buledi wake m'ngalande, n'kumupukuta ndi chitenje, n'kupitiriza ulendo akutsimphina. Ndinamuona ndi maso angawa.