MSCE yokha siyifikitsa mwana ku digiri ya ku England

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, maejenti nawo amatuluka ngati inswa mvula ikagwa. "Tumizani mwana ku UK, malo alipo!" Mlamu wanga anagwa nazo. Mwana wake wamkazi anakhoza ndi mapointi 13, bambo n'kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti alipire za mafomu. Kalata inabweradi, ya chidindo chonyezimira, mpaka anaiika mu pulasitiki kuopa fumbi. Titaiwerenga modekha tinapeza kuti si ya digiri ayi. Inali ya foundation year, chaka chongokonzekera, cholipira mapaundi, digiri n'kumadikira kutsogolo.

Ejentiyo sananame kwenikweni, anangodumpha mbali yowawa. Ku England mwana akalemba GCSE, yomwe ndi msinkhu wa MSCE yathu, amakhalanso zaka 2 pa A-Level asanaponde pa yunivesite. N'chifukwa chake digiri yawo imatha zaka 3, pamene ku Chanco kapena ku Bunda ndi zaka 4. Ndiye ngakhale mwana akhoze ndi mapointi 6, kumeneko amuona ngati akadali panjira.

Njira zenizeni zilipo, kungoti sizikhala pa zikwangwani za m'tauni. Pali A-Level, monga ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, koma fizi yake si yamasewera. Pali masukulu a UWC (United World Colleges), olandira ana a m'maiko osiyanasiyana, monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, komwe mwana amachita IB Diploma, ya msinkhu wa A-Level, zaka 2, ena molipiriridwa. Mastercard Foundation nayo imalipirira ana anzeru ochokera m'mabanja osowa kuyambira digiri yoyamba, mwachitsanzo ku Ashesi ku Ghana, ndipo mumalembera ku yunivesiteyo nokha, popanda mkhalapakati. Chevening, sikolashipu ya boma la UK imene anthu amaitchula pa maukwati ija, iwalani kaye. Ndi ya masters, ndipo imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka 2.

Ine maganizo anga ndi akuti, ngati dzina la mwana latuluka pa mndandanda wa NCHE, wa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, apite. Kaya ndi ku MUST, ku MZUNI kapena ku KUHeS, akatenge digiri ya kuno, kunjako adzapita ndi ndalama za eni ake. Mwina mundinena kuti ndikupha maloto a ana. Koma kumbukirani November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Kholo limene linali ndi mwana kunja linagona ndi fizi ina, n'kudzuka ndi ina. Osanena zoyendera ku banki mlungu ndi mlungu kukapempha forex, mwana uko akuopsezedwa kuti amutsekera kalasi.

Mwana wa mlamu uja pano ali ku Zomba, chaka choyamba, ndipo akuti nyemba za kumeneko zamukwana kale. Kalata ija ikadali mu pulasitiki muja, pansi pa matiresi. M'khola mwatsala ng'ombe imodzi.