Anamwino anzanga, kupuma kwa wodwala tiziwerenga, tisamangolemba 20

Mukatsegula faili ya wodwala amene wagonekedwa masiku angapo, yang'anani mzere wa kapumidwe. BP imakwera ndi kutsika, kutentha kwa thupi kumasinthasintha, koma pa kupuma mupeza 20, 20, 18, 20 sabata yonse. Thupi la munthu wodwala silichita choncho. Nambala yotereyi kawirikawiri imachokera m'mutu mwa wolembayo, ndipo ine ndimachitenga ngati chizolowezi choopsa kwambiri pa ntchito yathu ya unamwino.

BP ili ndi makina ake, kutentha kuli ndi thermometer, koma kupuma kumafuna kuti munthu aime pambali pa bedi mphindi yathunthu. Chodandaulitsa n'chakuti chimene timachidumphachi ndicho chimayamba kusintha zinthu zikamaipa. Mayi akamataya magazi atabereka, kapena majeremusi akalowa m'magazi, thupi limafulumizitsa kupuma ndi kugunda kwa mtima kuti lidzithandize. BP imagwa mochedwa, makamaka kwa ana ndi achinyamata. Woyembekezera BP kuti imuuze za ngozi amadziwa nthawi itatha kale.

Powerenga musamuuze wodwala, chifukwa akadziwa amasintha kapumidwe. Gwirani dzanja ngati mukumva kugunda kwa mtima, maso ali pachifuwa, muwerenge masekondi 60. Zowerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi zimasocheretsa, popeza mukaphonya mpweya umodzi mwaphonya inayi, ndipo khanda limapuma modukizadukiza. Wamkulu ali phee amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Kwa ana, malangizo a IMCI, omwe ndi ndondomeko yosamalira ana odwala, amati kupuma n'kothamanga kukafika 60 kwa khanda losakwana miyezi iwiri, 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu. Mwana akhale atatonthola, malaya atakwezedwa, ndipo kwa khanda mukapeza 60 werenganinso kachiwiri.

Mphindi yomweyo maso aone zina. Kodi m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya? Mphuno zikutukuka? Akubuula? Wamkulu akutha kumaliza chiganizo osapumira pakati? Kupuma kozama, kokoka mpweya wambiri m'chifuwa mulibe phokoso, kwa mwana wa malungo aakulu kapena munthu wa matenda a shuga, kumasonyeza kuti asidi wachuluka m'magazi. Ameneyo si wodikira mawa.

Ena amati pulse oximeter, kachipangizo kopanira pachala koyeza okosijeni m'magazi, yathetsa zonsezi. Ayi. Wodwala amene ali pa okosijeni akhoza kuonetsa 96% uku akupuma ka 34 pa mphindi, atatsala pang'ono kutopa. Zala zozizira, utoto wa m'zikhadabo ndi kunjenjemera zimasokonezanso kachipangizoka.

Kupuma pang'onopang'ono nakonso kumapha, ndipo apa azamba tisamale kwambiri. Mayi wa BP yokwera amene akulandira magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka, tisanamupatse mankhwala otsatira tione zitatu: akupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, bondo likudumpha tikaligogoda, ndipo mkodzo ukutuluka wosachepera 30 ml pa ola. Chimodzi chikasowa, mankhwala ayambe aima. Kupuma kukafooka kwambiri, timamuthandiza kupuma pomupopera mpweya ndi bag ndi mask, n'kupereka calcium gluconate 1 g, yomwe ndi 10 ml ya 10%, mumtsempha pang'onopang'ono kuti ithetse mphamvu ya magnesium sulphate. Mankhwalawa azikhala pafupi, osati m'kabati yomwe kiyi wake wapita ndi munthu. Chimodzimodzi wodwala wochokera ku theatre amene wabayidwa morphine kapena pethidine: akamagona tulo tovuta kudzutsa, akupuma ka 8 pa mphindi, si kuti ululu watha. Akufunika naloxone, wothetsa mphamvu ya mankhwalawo, ndi dokotala msanga.

Nzeru za namwino zimaoneka pa kuyerekeza manambala. Munthu amene m'mawa anali pa 18, masana 22, madzulo 26, akutsetsereka ngakhale akuyankhula bwinobwino. Wamkulu amene tikumuganizira matenda a majeremusi, kupuma kukafika pa 22, BP yapamwamba ili 100 kapena kutsika, mutu wayamba kusokonekera, ziwiri zokha mwa zitatuzi n'zokwanira kuti tichite changu. Mukhazikeni tsonga ngati BP ikulola, onani kuti njira ya mpweya ndi yotseguka, ikani okosijeni ngati watsika pansi pa 90%, yezani zonse pamodzi ndi shuga, kenako itanani dokotala. Poitana musangoti "wodwala wa pa bedi 6 sakuoneka bwino". Nenani kuti anagonekedwa ndi chibayo, kupuma kwachoka pa 18 kufika 28 m'maola 8, mtima uli pa 120, ndipo mukufuna abwere tsopano. Mukatero bwererani pakatha mphindi 15 muwerengenso, chifukwa chithandizo chosabwereranso kukachiona sitidziwa ngati chagwira.

Ndikudziwa kuti usiku namwino mmodzi amatsala ndi wodi yodzaza, ena atagona pansi. N'chifukwa chake kusankha n'kofunika. Njira ya ETAT yosankhira ndi kuthandiza mwachangu ana odwala kwambiri, imene inakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, imatiphunzitsa kuyamba ndi njira ya mpweya ndi kupuma posankha mwana woyamba kuthandizidwa. Mu wodi tichitenso chomwecho. Polandirana shifiti titchule odwala atatu kapena anayi otidetsa nkhawa, tiwasunthire pafupi ndi tebulo la anamwino, ndipo magadiyani awo tiwauze momveka kuti akaona kupuma kwasintha kapena wodwala wasiya kuyankha, abwere kudzatiitana osaopa kukalipiridwa.

Kwa inu oyang'anira mawodi, pempho langa ndi ili: mukamakalipira mpata wosalembedwa pa tchati koma osafunsa za 20 wobwerezabwereza, mukuphunzitsa ophunzira ndi anamwino atsopano kudzaza mapepala. Amene sanathe kuwerenga alembe kuti sanawerenge, ndipo wodi iliyonse ikhale ndi wotchi yapakhoma yokhala ndi muvi wa masekondi, batire lake lili lamoyo.