Magellan sanazungulire dziko lapansi, tileke kumupatsa ulemu wa eni

Pa mipikisano ya mafunso ya kusukulu akafunsa kuti ndani anayamba kuzungulira dziko lapansi pa chombo, mwana akangoti "Ferdinand Magellan" holo yonse imawomba m'manja. Ine abale ndikukana. Magellan anaphedwa ku Philippines pa 27 April 1521, ndipo chombo chimene chinamaliza ulendowo chinafika ku Spain pa 6 September 1522, mwini dzinayo atamwalira kalekale. Dalaivala wonyamuka ku Blantyre kupita ku Karonga akatsikira pa Kasungu, sitinena kuti wafika ku Karonga, ngakhale atakhala kuti njira anaitchula ndi iye. Amene anafikitsa chombocho ndi Juan Sebastián Elcano pamodzi ndi anzake 17.

Ndipotu Magellan analibe n'komwe maganizo ozungulira dziko. Iye anali Mpwitikizi amene anakhumudwitsana ndi mfumu ya kwawo, Manuel I, n'kupita kukagwira ntchito kwa Charles I wa ku Spain. Nthawi imeneyo mayiko awiriwa anali atagawana nyanja kudzera m'pangano la Tordesillas la 1494, ndipo njira yodzera kumunsi kwa Africa kupita ku India inali m'manja mwa Apwitikizi. Magellan analonjeza Spain kuti apeza njira ina, yolowera kumadzulo, yokafika ku zilumba za Moluccas zimene lero zili ku Indonesia. Kumeneko n'kumene kunkamera cloves, chokometsera chakudya chimene ku Ulaya chinkagulidwa pa mtengo wodula kwambiri. Unali ulendo wa malonda. Mfumu inamuuza kuti asalowe m'dera la Apwitikizi, kutanthauza kuti akadakhala ndi moyo, pobwerera sakanayenera kudzera ku Africa.

Sindikumuchepetsa ayi. Ananyamuka pa doko la Sanlúcar de Barrameda pa 20 September 1519 ndi zombo zisanu, Trinidad, San Antonio, Concepción, Victoria ndi Santiago, ndi amuna oposa 230. Ku Puerto San Julián, ku Argentina wa lero, akapitawo a Chisipanishi anamuukira mu April 1520, iye n'kuwagonjetsa mwankhanza: Gaspar de Quesada anadulidwa mutu, Juan de Cartagena anasiyidwa pagombe pamodzi ndi wansembe wina. Santiago inasweka. San Antonio, imene inanyamula chakudya chambiri, inathawa n'kubwerera ku Spain. Komabe munthuyu anapeza mpata wa madzi kumunsi kwa South America, umene mpaka lero umatchedwa dzina lake, n'kutulukira m'nyanja ya Pacific pa 28 November 1520. Palibe ankadziwa kuti nyanjayo ndi yaikulu chotero. Anatha miyezi yoposa itatu osadya chakudya chatsopano, nkhama zikutupa mpaka kukwirira mano. Anadya zikopa zokutira mitengo ya matanga, anadya utuchi, makoswe ankagulitsana okhaokha. Kuwolotsa anthu pamenepo si masewera, ndipo ulemu umenewo ndi wake.

Koma imfa yake anaiputa yekha. Anamutuma cloves, iye n'kukalowerera ndale za eni. Atafika pa chilumba cha Cebu, ku Philippines, anabatizitsa mfumu Humabon, ndiye anafuna kuti mafumu oyandikana nawo agonjere bwenzi lakelo ndi mfumu ya Spain. Lapulapu wa pa chilumba cha Mactan anakana. Magellan anapita kukamulanga ndi amuna pafupifupi 60, n'kuuza Humabon ndi ankhondo ake kuti akhale m'mabwato azingoonerera mmene Azungu amamenyera nkhondo. Miyala ya m'madzi inaletsa mabwato ake kufika pafupi ndi gombe, mfuti zazikulu sizinathandize, amuna ake anayenda m'madzi atavala zitsulo. Ankhondo a ku Mactan anamulasa, anamugwetsa, ndipo anakana kubweza mtembo wake. Ku Philippines lero ngwazi ndi Lapulapu, mzinda wa pa chilumbacho umatchedwa dzina lake.

Tsono tamvani za Elcano, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Anali wa mtundu wa Basque, wa ku Getaria kumpoto kwa Spain, ndipo anali m'gulu la anthu amene anaukira Magellan ku San Julián. Anapulumuka chilango cha imfa chifukwa amalinyero akanatha onse. Magellan atafa, atsogoleri ena ambiri ataphedwa pa phwando ku Cebu, Concepción itawotchedwa chifukwa chosowa anthu oiyendetsa, zombo ziwiri zotsala zinasochera miyezi ingapo zisanafike ku Tidore, chimodzi mwa zilumba za Moluccas zija, mu November 1521. Anadzaza cloves. Trinidad inayamba kulowa madzi, inatsala kuti ikonzedwe, ndipo pambuyo pake inayesa kubwerera kudzera ku Pacific, n'kulephera, n'kugwidwa ndi Apwitikizi. Elcano, amene tsopano anali kapitawo wa Victoria, anasankha kupitirira kumadzulo, kudutsa nyanja ya India, m'dera lenileni la adani. Chisankho chimenechi n'chimene chinasandutsa ulendo wa malonda kukhala ulendo wozungulira dziko, ndipo Magellan analibepo gawo.

Kuti asagwidwe, Elcano anadzera kumwera kwambiri, kutali ndi madoko onse. Nyama inawola chifukwa analibe mchere, anatsala ndi mpunga ndi madzi basi, chombo chikulowa madzi, kukuzizira. Amalinyero ena anapempha kuti akakocheze ku chilumba cha Mozambique, kwa anansi athuwa, kumene Apwitikizi anali atakhazikika kale. Anzawo anakana, podziwa kuti kumeneko akangofikira m'ndende. Anazungulira Cape of Good Hope, kumunsi kwa Africa, mu May 1522, akutaya mitembo m'nyanja. Njala itafika povuta anaima pa zilumba za Cape Verde, zimene zinali m'manja mwa Apwitikizi, n'kuwanamiza kuti akuchokera ku America. Bodzalo linaululika, amuna oposa 10 anagwidwa, Victoria n'kuthawa. Kumeneko n'kumenenso anadabwa kumva kuti tsikulo linali Lachinayi pamene m'mabuku awo munali Lachitatu. Sanalakwitse kuwerenga. Munthu ukazungulira dziko molowera kumadzulo umataya tsiku limodzi, ndipo iwo ndi amene anayamba kukumana nazo.

Mfumu ya Spain yeniyeniyo sinakayike kuti woyamba ndani. Inapatsa Elcano chizindikiro chaulemu chokhala ndi chithunzi cha dziko lapansi ndi mawu a Chilatini onena kuti iye ndiye anayamba kulizungulira. Nanga bwanji ife timaloweza dzina la Magellan? Mwa zifukwa zina, n'chifukwa cha amene anagwira cholembera. Nkhani yotchuka kwambiri ya ulendowu inalembedwa ndi Antonio Pigafetta wa ku Vicenza, ku Italy, mmodzi mwa 18 aja. Pigafetta ankamukonda Magellan kwambiri, ndipo Elcano, munthu woukira uja, sanamutchule dzina ngakhale kamodzi, chonsecho ndi amene anamufikitsa kwawo wamoyo. Kuipa mtima kwa mlembi mmodzi kwayenda zaka 500. Elcano naye sanakhalitse kuti adzilankhulire: anabwereranso panyanja pa ulendo wina wopita ku Moluccas, wotsogozedwa ndi Loaísa, n'kufera m'nyanja ya Pacific mu 1526.

Ena amati Magellan anazungulira ndithu, koma pa maulendo awiri, popeza ali mnyamata anapita kummawa ndi Apwitikizi, kudzera ku Africa, mpaka kukamenya nawo nkhondo yolanda Malacca mu 1511. Yang'anani mapu. Malacca ili ku Malaysia, Cebu ili kummawa kwake makilomita oposa 2,000. Mzerewo sunakumane.

Pali dzina lachitatu limene masiku ano likuyenda kwambiri pa intaneti, ndipo ine mtima wanga umalikonda kuposa enawa: Enrique. Anali kapolo amene Magellan anamutenga ku Malacca komweko, n'kupita naye ku Portugal, kenako ku Spain, kenako pa ulendowu ngati womasulira. Atafika ku Philippines mu March 1521, Enrique analankhula Chimalaya, mfumu ya kumeneko n'kumumva. Taganizani, munthu wachoka kwawo zaka pafupifupi 10 zapitazo, wakhala akungopita kumadzulo, mwadzidzidzi akumvana ndi anthu m'chinenero chake. Magellan analemba mu wilo yake kuti iye akadzamwalira Enrique adzamasulidwe, koma atafa, Duarte Barbosa, amene anatenga utsogoleri, anakana n'kumuopseza kuti akhalabe kapolo wa mkazi wa malemuyo. Patangopita masiku ochepa, pa 1 May 1521, kunachitika phwando lija limene Barbosa ndi anzake anaphedwa. Pigafetta akuti Enrique ndi amene anapangana ndi Humabon. Ngati anaterodi, ine sindimuweruza.

Koma kukonda munthu si umboni. Kuchokera pa tsiku la phwandolo, zolembedwa za ulendowo sizimutchulanso Enrique. Kumvana Chimalaya ku Philippines sikutanthauza kuti anali atafika kwawo, chifukwa chinali chinenero cha amalonda m'madoko a dera lonselo. Wilo ya Magellan imati anali wa ku Malacca, Pigafetta akuti wa ku Sumatra, ndipo malo onse awiriwa ali kutali ndi Cebu mofanana ndi mmene zinalili kwa mbuye wake. Ngati tikumukaniza Magellan chifukwa cha makilomita otsalawo, sitingatembenuke n'kumukhululukira Enrique makilomita omwewo pongofuna kuti wopambana akhale kapolo osati Mzungu. Amene ali ndi chikalata chosonyeza kuti anakwera chombo cha amalonda n'kukafika ku Malacca September 1522 isanakwane, achiponye pansipa, Elcano ndimuchotsa pampando tsiku lomwelo.